Mibulu Yakuda ya ku Dimba la Amayi

Lachiwiri, 14 Ogasiti 1956

Ndadzuka ndi chidwi chosakanikirana ndi mantha. Sabata yatha atsibweni anga akukumba chitsime ku dimba la amayi, kuno kwathu kufupi ndi Mitundu, anafukula mapale a mphika, kachitoliro ka dothi ndi mibulu yakuda yolemera ngati yopserera. Amayi anangoti, "Awa ndi manda," ndipo sanapondekonso. Pamanda salimapo. Koma dimbalo ndi malo okhawo amene tili nawo a chinyezi, ndipo mbande za anyezi zikukulira pa nazale. Atsibweni, monga mwini mbumba, ndiwo oti agamule.

Kusukulu ndinamva za aMbewe, mphunzitsi wopuma wa cha ku Nathenje, amene amasunga zinthu za anthu akalekale. Ndinachonderera atsibweni masiku atatu kuti tikawaonetse. Lero avomera.

Tanyamuka dzuwa likungotuluka, pa njinga yawo, ine pakaliyala nditafukata kamtolo ka zofukulazo. Dzulo ndinatsuka zonse ndi mchenga mpaka kuyera, kuti tisakachite manyazi. Phiri la Bunda tinaliona nthawi yaitali, ngati likutiperekeza. Cha m'ma naini tayala la kumbuyo linaphulika. Atsibweni anati ndi kulemera kwa maphunziro anga. Anadzazamo udzu, koma njinga inayamba kudumpha ngati chule, choncho tinaisiya pa nyumba ya munthu wina wachifundo.

Mwamwayi panadutsa lole ya matumba a mtedza. Dalaivala anati sikisi, ndiye kuti makobiri asanu ndi limodzi, munthu mmodzi. Pamwamba pa matumba panali mayi wina ndi nkhuku ziwiri.

"Mwananga, mwafukatanji mosamala chotero? Mazira?"

"Ndi mbatata," anayankha msanga atsibweni.

Lole itagwa m'dzenje, mbatata zathu zinalira ngati mbale. Ndinaona kuti ndi bwino kunena zoona. Ndinauza mayi uja kuti ndi zofukula pa malo amene amayi akuti ndi manda. Anangonyamula nkhuku zake n'kukakhala kumapeto kwenikweni, kumene fumbi linali lambiri.

Tinafika pa Nathenje dzuwa lili pamutu. Pa sitolo ya Mchawa wina wa kapu yoyera tinamwa tiyi wa kobiri ndi zitumbuwa. Titafunsa njira ya kwa aMbewe anaseka.

"Mukufuna abambo a miyala? Tsatani msewu wa ku Nkhoma, mukaona mtengo wa mkuyu mukhotere kumanja. Anzawo amasunga ng'ombe, iwo amasunga miyala. Ubwino wake miyala sidya msipu."

AMbewe tinawapeza akusoka nsapato pakhonde. Ndi munthu wamfupi wa imvi, magalasi ake omanga ndi ulusi. Titalonjerana anatsegula kanyumba kofolera udzu kuseri kwa nyumba yawo. Iwo amakatcha miziyamu. Mashelefu ake ndi a mabokosi a tiyi, ndipo chinthu chilichonse chili ndi kapepala konena kumene chinapezeka.

Sindinadziwe poyambira. Panali timiyala toyera takuthwa, tating'ono ngati chikhadabo. AMbewe anati timeneti tinali mipeni ndi nsonga za mivi za anthu amene timawatcha Akafula, amene ankakhala m'mapanga asanabwere alimi. Anandipatsa kamodzi n'kuti ndiyese pa ulusi wa siketi yanga. Kanadula. Panalinso mwala wobulungira woboola pakati, umene ankalowetsa pa ndodo kuti ilemere pokumba mizu. Pakhoma anapachika mapepala a mizere yofiira imene anakopera m'mapanga. Ndinafunsa tanthauzo lake.

"Sindidziwa," anatero. Aka n'koyamba kumva mphunzitsi akunena mawu amenewa mosachita manyazi.

Kenaka ndinamasula kamtolo. Anatenga phale limodzi, kulitembenuza, kulinunkhiza.

"Ndani watsuka izi?"

"Ndine," ndinayankha monyadira.

"Mayi, mwafufuta kalata musanaiwerenge. Dothi ndi mwaye zikanatiuza zambiri. Zinagona pati? Kuya bwanji? Chinali pamwamba n'chiti?"

Ndinangoyang'ana pansi. Ine wa sekondale zimenezi sindinaziganizireko. Amene anayankha ndi atsibweni, amene sadziwa kulemba dzina lawo. Anati zinali pa kuya kofika m'chiuno mwawo, mapale pamwamba, mibulu pansi, dothi lake lofiira ndi louma ngati njerwa, ndi makala ambiri.

"Mafupa? Mikanda?"

"Ngakhale limodzi. Ndinapeta dothilo ndi manja anga, chifukwa ndinkaopa."

AMbewe anakoka dengu pansi pa shelefu. Munali mibulu yofanana ndendende ndi yathu. Anati izi ndi zotsalira posungunula chitsulo. Anthu akale ankamanga ng'anjo ya dothi pafupi ndi madzi, n'kuthiramo miyala ya chitsulo ndi makala. Kachitoliro kaja ndi kolowetsera mpweya wa mvukuto. Anationetsa kumapeto kwake, kumene moto unakasandutsa ngati galasi.

Atsibweni anatenga mbulu wathu ndi wa aMbewe, dzanja lililonse umodzi, n'kumayerekeza kulemera kwake nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, musandinyengerere chifukwa ndachokera kutali. Mlongo wanga ali ndi ana asanu. Pamenepo pagona munthu kapena ayi?"

"Sindingalumbirire dimba lonse, sindinalione. Koma pamene mwakumbapo sanagonepo, anagwirapo ntchito. Ankapanga makasu."

"Makasu," anabwereza atsibweni, n'kuseka chapansipansi. "Ndiye wosula makasu angakwiye bwanji poona khasu?"

AMbewe anapempha chinthu chimodzi, kuti tikamalima tisamatsuke kapena kusuntha chimene tapeza tisanalembe malo ake. Kachitoliro tinawasiyira. Anandipatsa cholembera kuti kapepala kake ndilembe ndekha.

Pobwerera lole sinapezeke, choncho tinakwera ngolo ya ng'ombe mpaka pamene tinasiya njinga, kenaka wapansi, tikuikankha. Tinalowa m'mudzi nkhuku zikulowa m'khola. Amayi anatichingamira. Atsibweni anaika mbulu umodzi pafupi ndi khasu la amayi n'kunena kuti, "Mlongo, awa ndi agogo ake a khasu lanuli. Mawa mukaokere anyezi." Amayi anauyang'ana kwa kanthawi, kenaka anaukhudza ndi chala chimodzi.

Ndaphunzira kuti anthu amene tinkawaopawo ankatuluka thukuta pa dothi lomweli ngati ife, ndiponso kuti atsibweni amawerenga nthaka bwino kuposa mmene ine ndimawerengera buku. Mawa ndilawirira ku dimba ndi amayi. Nditenga mbande, chingwe choyezera, ndi masamba anayi otsala m'kope langa la masamu. Mchenga wotsukira ndiusiya kunyumba.