A Chikaipa ndi Waya Wosaoneka

Ku komboni ya mgodi kuja, ku Bindura, kunalibe munthu wokayikira anzake ngati a Chikaipa. Ukawapatsa moni, amayamba akuyang'ana m'manja kaye. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, n'kukalambira pa ntchito ya ulonda payadi yosungira makebulo a kopa otsika pansi pa mgodi. M'mawa uliwonse ankakoka waya wotsala pa chigudumu n'kumayeza ndi mkono, kuchokera pachifuwa mpaka kunsonga ya chala, uku akung'ung'udza m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumigodi. Tepi yoyezera ankaikana, ati tepi imanama.

Ndiye chaka cha 1994 kebulo inasowa. Osati pang'onotu, chigudumu chonse kuchita kuonda! Mabwana anawauza kuti pofika Lolemba abwere ndi dzina la wakuba, apo ayi ntchito yatha, ndipo nyumba ya kampani atulukemo.

Sabata yomweyo kunyumba kwawo kunali Estele, mwana wa mlongo wawo, amene ankaphunzira zamagetsi ku yunivesite ku Harare. Anali patchuthi. Masana aliwonse m'minibasi munkatsika Cephas, mnzake wa m'kalasi, ndiye awiriwo amayala chipepala patebulo n'kuyamba kukangana. Mkangano wake? Waya! Uyu akuti atalika chonchi, uyo akuti wachepetsa, waiwala mokhota. Papepalapo panali timabokosi tambirimbiri m'mizere, tinjira tikudutsa pakati. A Chikaipa anasuzumira. Nanga si komboni imeneyi? Nyumba izi, misewu iyi, payadi apa.

Tsono kwa Achewa, mlandu wa mwana wa mlongo wako ndi wako iwe malume, sungapatsire wina. Ndiye anayamba kufufuza okha mwakachetechete. Pansi pa bedi, mulibe. Kuseri kwa khola la nkhuku, kulibe. Mpaka jekete la Cephas analinunkhiza litakolekedwa pachitseko, poti akuba kopa amayamba awotcha labala wake ndipo fungo lija silichoka msanga. Linangonunkha sopo. A Chikaipa anati amenewo ndiye ochenjerawo.

Loweruka masana anawakhazika pansi onse awiri, n'kutseka chitseko.

"Iwe Estele, waya mukuyezayu mukusunga kuti?"

Cephas anayamba kuseka, koma ataona nkhope yawo anasiya pomwepo. Estele, amene ankawatchula kuti sekuru monga amachitira Ashona, anatulutsa m'chikwama kanthu kakuda ka miyendo yambiri, konga timene timakhala m'wailesi, koma kosweka pamwamba. Anati dzina lake ndi tchipi. Pakati pake panali kabwalo konyezimira kochepa kuposa chikhadabo, ndipo anawapatsa galasi lokulitsira zinthu kuti aone.

Anafotokoza, theka Chichewa theka Chishona, kuti mmenemo muli timaswitchi masauzande, ndipo tonse timalumikizidwa ndi mawaya oonda kuposa tsitsi. Opanga tchipi asanajambule n'komwe, amafunika kudziwiratu kuti mawayawo atalika bwanji, chifukwa akachuluka sakwana m'kabwaloko. Waya akatalika, uthenga umafika mochedwa. Akaonda kwambiri, magetsi amayenda movutikira. Awiri akayenda moyandikana mtunda wautali, amasokonezana. Ndiye iye ndi Cephas ankaona kuchuluka kwa timabokosi ta papepala paja ndi njira zotuluka m'gulu lililonse, n'kuyerekeza kutalika kwake. Imeneyo inali ntchito yawo yomalizira sukulu. Komanso si kopa, ndi aluminiyamu.

A Chikaipa anatsinzina diso limodzi, n'kuyang'ana m'galasimo nthawi yaitali. Timizere anationadi, tothinana ngati nsalu. Anafunsa kuti akatitambasula tonse tingakwane mikono ingati. Estele anati m'matchipi akuluakulu tingadutse kutalika kwa nyumba yawoyi. Apo ndiye anaika galasi pansi.

"Ndiye waya amene sanapangidwe n'komwe, inu mukumuyeza?"

"Eya, sekuru."

"Wakubanso amayeza asanadule."

Estele anapinda chipepala chake. Anati ngati akumuganizira, dzina lake akalipereke, akayankha yekha kuofesi, bola iwo asataye nyumba. Ananena mosakweza mawu, n'kutuluka kukatunga madzi pampopi.

Lamulungu a Chikaipa anapita kukapemphera. Kutchalitchi anakhala kumbuyo, akuyang'ana aliyense wolowa. Nkhani ya mawaya m'chikhadabo sanaikhulupirire yonse, ayi ndithu. Koma ankadziwa kuti dzina likangolowa kuofesi, apolisi afika, ndipo sukulu ya mwana wa mlongo wawo ithera pomwepo, kaya waba kaya sanabe.

Lolemba anavala yunifolomu yosita bwino n'kupita. Bwana anawafunsa ngati pali amene akumukayikira.

"Onse, bwana. Inunso."

Eee, komboni yonse inaimva nkhaniyo tsiku lomwelo! Dzina sanapereke. Anangosiya wisulo ndi makiyi patebulo, ndipo mwezi usanathe analamulidwa kutuluka m'nyumba.

Anapeza chipinda cha lendi ku Chipadze, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wogulitsa tomato, n'kuyamba kulondera sitolo m'tauni. Kebulo ija sinapezeke. Tsiku losamuka, Estele anamanga katundu, ndipo Cephas anabwera ndi lole ya mbale wake kudzathandiza. A Chikaipa anakana kukhala kutsogolo ndi dalaivala. Anakwera pamwamba pa katundu, pafupi ndi Cephas, n'kumuuza kuti wailesi aibweretse kuno, ainyamula okha.