Tsiku Limene Filiji Yanga Inatseka Msewu

Anzanga, mwandivutitsa mokwanira za vidiyo ya filiji ija. Lero ndikuuzani zonse.

Moataz ndinakumana naye kusitolo ya mankhwala komwe ndimagwira ntchito. Anabwera mawu atatheratu chifukwa chokuwa kubwalo la mpira. Ndinamupatsa mankhwala apakhosi n'kumulangiza kuti akhale chete masiku awiri. Mawa lake anabweranso, ati sakugwira. Tsiku linalo, ati mutu. Pofika sabata yachitatu munthuyu anali atadwala matenda onse, ine nanenso nditayamba kuba maso pakhomo ikamakwana folo koloko.

Vuto langa ndi limodzi: ndine mwana wa Kaputeni Sabri, kochi wa timu ya mpira ya m'tauni mwathu. Anatikweza ligi, ndipo anthu kuno amawakonda mopitirira muyeso. Anyamata onse amene anandifunsirapo ankathera pofunsa kuti Lachisanu asewera ndani. Ndiye ndinamuuziratu Moataz kuti akadzangondisandutsa wailesi ya bambo anga, zathera pomwepo. Analumbira. Ankachita kuluma mlomo, koma sanandifunsepo.

Tinavekana mphete za chitomero. Iye anapeza nyumba pamwamba pa shopu ya amalume ake, mayi anga n'kuyamba kuunjika mapoto ndi makatani mpaka pabalaza kusowa popondapo.

Kenako mphekesera zinabuka zoti timu ina yaikulu ya ku Cairo ikufuna bambo. M'nyumba za tiyi nkhani inali yomweyo. Wometa tsitsi ankawameta ola lathunthu pofuna kuwafufuza. Bambo anali duu, ngakhale mayi sanauzidwe kanthu.

Linayandikira tsiku lonyamula katundu wanga kupita kunyumba yatsopano. Mukudziwa mmene timachitira, ng'oma, nthungululu, magalimoto ndandanda. Koma bambo anakana phokoso poti kunatsala masewero awiri, ati tinyamule mwakachetechete Lachiwiri m'mawa. Ankadziwa tsikulo ndi apabanja okha komanso Moataz.

Filiji itangokwezedwa pa lole, foni yanga inayamba kulira osalekeza. Chithunzi cha lole pakhomo pathu chinali paliponse, pansi pake atalemba kuti Kaputeni akuthawa. Mphindi makumi awiri sizinathe, msewu unadzaza. Anthu atavala zobiriwira za timu, ena akulira, mkulu wina wa imvi atagona chagada kutsogolo kwa matayala.

Mtima wanga unapsa. Moataz atangofika, thukuta lili kamukamu, ndinamukokera pamasitepe.

"Ndiwe watumiza chithunzichi kwa anzako?"

"Shorouk, ukundifunsadi zimenezo?"

"Nanga ankadziwa za lero ndani? Kuyambira kale umafuna Kaputeni iwe, osati ine."

Ndinavula mphete n'kumuikira m'manja. Anaiyang'ana, kenako anandiyang'ana... maso amenewo sindidzawaiwala. Anaiponya m'thumba la malaya, anatuluka panja, n'kukwera pa lole paja pafupi ndi filiji.

"Abale anga, filijiyi si ya Kaputeni," anakuwa motero. "Ndi ya mkwatibwi wanga, ngati akundifunabe. Mwatchinga msewu wa ukwati."

Kenako mayi wina pakhonde la nyumba yoyang'anizana ndi yathu anayambitsa nthungululu, ndipo msewu wonse unalandira. Ng'oma zimene anthu anabwera nazo zokakamizira bambo kuti asachoke zinasanduka za ukwati. Mkulu wogona uja anadzuka, kusasa fumbi, n'kusenza mapoto anga. Ena matiresi, ena makapu, mmodzi anachita kuvina ndi tsache. Katundu yense anapita pamitu anthu akuimba, dalaivala n'kungotsala ndi filiji.

Nanga wojambula chithunzi? Azakhali anga a Nagat! Anatumizira anzawo pofuna kudzitama kuti filiji ndi ya zitseko ziwiri, ndipo mwana wa mmodzi wa anzawowo ndi amene anachifalitsa. Anaulula okha, osachita manyazi n'komwe, ati nanga filiji yotere n'kubisa?

Manyazi onse anagwera ine. Ndinamupeza Moataz kunyumba yatsopano akumanga bedi. Ndinapepesa mpaka misozi. Anandisiya ndilire kaye pang'ono, wankhanza uyu, kenako anatulutsa mphete n'kundiveka, ati ndikadzaivulanso adzaipereka kwa azakhali.

Madzulo ake bambo anatiitana tonse pabalaza, tiyi ali patsogolo. Anati zimene anthu akunena n'zoona, ligi ikatha akupita ku Cairo. Mayi anagwira pakamwa. Ine ndinatembenukira Moataz poganiza kuti akomoka, koma iye anangowerama.

"Ameneyu ndinamuuza milungu itatu yapitayo," anatero bambo. "Ndinati adziwiretu kuti tauni ikadzanditukwana, iye adzakhala mkamwini wanga. Ngati akufuna kubwerera, abwerere. Anandiyankha kuti sakukwatira timu."

Milungu itatu, anzanga. Tsiku lililonse ankakhala ndi anzake a kubwalo akumufinya kuti anene, iye osatsegula pakamwa. Pa lole paja sananame ngakhale liwu limodzi, komanso sanawaulule bambo. Ine n'kumamuganizira za kachithunzi! Ndaphunzira kufunsa kaye ndisanavule mphete.

Nkhani itatuluka, anzake ena anamunyanyala kuti anawabisira. Ku ukwati anabwerabe, nkhope zili ndwii, koma atamva ng'oma anavina kuposa abale.

Tsiku loperekeza bambo kusiteshoni ya sitima, mayi sanalire, ine ndinalira pang'ono. Amene anafwenthera mpaka mpango kunyowa anali mwamuna wanga. Sitima itanyamuka anandinong'oneza kuti timu yatha basi, chaka chamawa titsika ligi.

Ndinamugwira dzanja n'kupita naye kwathu.