Gunter ndi Buku la Moto

Inu amene muli ndi kalata yomwe mukuopa kutsegula, khalani pansi ndikuuzeni za Gunter.

Yake inakhala pamwamba pa fuliji masiku asanu ndi anayi. Ataitsegula anapeza kuti ofesi yothandiza osowa ntchito ikufuna abweze mayuro 9,000, zonse zimene analandira pa miyezi isanu ndi iwiri. Anamupatsa milungu itatu kuti akonzekere kukadziyankhira.

Gunter anali wowotcherera zitsulo kuno mumzinda wa Aalst, fakitale yawo isanatseke. Kubweza ndalama zoterozo kunali kutuluka m'nyumba ya lendi, ndipo popanda nyumba, mwana wake Fien, yemwe ankasinthana milungu pakati pa bambo ndi mayi, akanakhazikika kwa mayi ake basi. Izi ndi zomwe zinkamuwawa koposa.

Mlandu wake? Kanivale, chikondwerero chathu cha pachaka chomwe timayendetsa zidole zikuluzikulu pazigaleta m'misewu. Kwathu kuno munthu akhoza kusowa ntchito, koma osati gulu lomanga nalo chigaleta cha kanivale. Oyendera a ku ofesi ija anamupeza kushedi ya gulu lake akuwotcherera khosi la chidole chachikulu, khadi lake lili mbee. Paja ukamalandira thandizo amakupatsa khadi: tsiku logwira ntchito umayamba wadetsa kabokosi ka tsikulo pakhadipo, ndipo ngakhale ntchito yongothandiza umakanena kaye ku ofesi. Gunter sanachite zonsezi. Kwa iye kanivale sinali ntchito.

Anapita kwa mayi Marleen a ku bungwe la apantchito.

"Mayi, ine sindinalandire ngakhale senti. Malipiro anga anali mowa ndi kutukwanidwa."

"Mukakanena zimenezo akakumverani chisoni, kenako mukalipira zonse," anatero mayiwo. "Fayilo yanu mwaiwerenga?"

"Kodi amalola?"

"Ndi yanu, bambo."

Anakaitenga, ndipo apa ndi pomwe mantha anayamba kusanduka chidwi. Oyendera aja anamuona tsiku limodzi lokha. Nanga miyezi isanu ndi iwiri inachokera kuti? Anabwereranso kwa mayi Marleen ndi mafunso odzaza pepala. Mayiwo anamuuza kuti ukalephera kusonyeza masiku amene unagwira, amangowerengera onse, koma ukawasonyeza, ukhoza kubweza za masiku okhawo.

Ndiye anali masiku ati? Kalendala yake inalibe kanthu. Mufoni munali zithunzi zitatu, ziwiri za galu. Anzake a kushedi anangomuseka.

"Iwe Gunter, tsiku la ukwati wanga sindilikumbuka, ndiye ndikumbuke la kuwotcherera kwako?"

Sanasiye kufunsa. Mlungu wachiwiri ukutha, anadzifunsa funso lina: nthawi zonse ndikayatsa makina, ndani amaima pambali panga?

Bambo Staf! Mkulu ameneyu anapuma pantchito yozimitsa moto. Zidole zathu ndi za thovu louma, kamoto pang'ono shedi yonse yapita, choncho palibe amayatsa makina owotcherera bambo Staf asanaime pafupi ndi chozimitsira, onse awiri n'kusaina m'buku. Kwa zaka zambiri Gunter ankakangana nawo chifukwa cha buku limeneli, ati likuchedwetsa ntchito.

"Lero buku la nkhalamba yovuta lakoma eti?" anatero bambo Staf akulitulutsa.

Anawerenga limodzi. Gunter ankaganiza kuti apeza masiku khumi. Anapeza makumi awiri ndi limodzi. Anayang'anitsitsa masamba a Disembala, momwe dzina lake linachulukira, chala chili pakona ya pepala ngati wofuna kuling'amba.

"Ndikukubwereka lathunthu, mwana iwe," anatero mkuluyo. "Ukabweze lathunthu."

Masiku otsalawo mayi Marleen ankakhala ngati ofunsa mlandu, iye n'kumayankha. Akayamba kudandaula za fakitale, iwo ankagogoda tebulo kuti ayankhe zomwe wafunsidwa.

Tsiku litafika, analowa n'kuika buku patebulo.

"Ndinalakwa, sindinadetse khadi. Masiku ake ndi awa, makumi awiri ndi limodzi."

Mayi ofunsa mlanduwo anatsegula tsamba ndi tsamba. "Mukudziwa kuti ife timadziwa limodzi lokha?"

"Ndikudziwa, mayi. Ndinawerenga fayilo."

Kalata yachiwiri anaitsegula ali chiimire pakhomo. Anamulamula kubweza za masiku makumi awiri ndi limodziwo pang'onopang'ono, komanso kukhala milungu inayi osalandira thandizo. Zinawawa ndithu, ankadya buledi ndi supu wa kushedi. Koma Lolemba lotsatira Fien anafika ndi chikwama chake n'kukachiponya pabedi lake lomwe lija.

Lero Gunter amawotcherera pagalaja yokonza mathiraki, ndipo kushedi ndiye amayamba kufunsa komwe kuli buku.

Inunso musadzigamule nokha mlandu usanayambe. Tsitsani kalatayo pafuliji, iwerengeni, funsani mpaka mumvetse, ndipo mukanene zoona zake zonse. Osataya mtima envulopu ikadali yomata.