Manja a Laison pa Khoma la Magalasi

A Laison Kamwendo anabwera ku Birmingham motsatira akazi awo. A Liness ndiwo anapeza ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu cha ku Bordesley Green, ndipo mwana wawo Tiwa anabadwira konkuno. Kwawo ku Zomba a Laison anali mmisiri womanga nyumba, woti anthu ankachita kumudikira kuti amalize kwina. Kuno anapeza ntchito yolongedza katundu m'mashelefu, mu supamaketi ya ku Longbridge, pamalo pomwe kale panali fakitale ya magalimoto. Sankadandaula. Koma manja awo anafewa, ndipo iwo sankakonda kuwayang'ana.

Tchalitchi chomwe banjali linkapempherako chinamangidwa m'zaka za m'ma 1960, fakitale ija ili pachimake. Chinalibe nsanja yosongoka kapena njerwa zofiira. Chinali chozungulira, cha konkire wotuwa wosapaka penti, ndipo denga lake linkakwera mbali imodzi ngati tenti. Guwa linali pakati, mabenchi atalizinga, moti panalibe munthu wokhala kumbuyo kwenikweni. Khoma lakum'mawa linali la zibenthu za galasi zochindikala ngati chikhatho, zofiira, zabuluu ndi zachikasu, zomizidwa m'konkire. Ukaima panja linkangooneka lakuda. Ukalowa m'kati dzuwa likutuluka, mitundu yonseyo inkagwera pankhope za anthu.

Amalawi ena ankati nyumbayo ikufanana ndi thanki ya madzi. A Laison sankatsutsana nawo. Mapemphero akatha ankatsalira, n'kumasisita khoma, kutsatira mizere ya matabwa amene amisiri akale anaumbira konkireyo.

"Uyu anali munthu wosamala," ankauza Tiwa. "Taona, thabwa lililonse anachita kulisankha."

"Dad, it's just a wall," Tiwa ankayankha, ali kale pakhomo.

Chaka china mvula inayamba kulowa. Zitsulo za m'kati mwa konkire zinachita dzimbiri n'kutupa, konkire anang'aluka, ndipo Lamulungu lina chibenthu chabuluu chinagwa pafupi ndi kwaya. Ansembe anatseka khoma lonse ndi matabwa. M'tchalitchi munada ngati m'nyumba yosungiramo katundu.

Patapita miyezi kunabwera mayi wina wachingerezi dzina lake Michelle, katswiri wokonza mawindo amtunduwu. Ankafuna munthu womuthandiza kunyamula, ndipo a Laison anadzipereka pa masiku awo opuma. Tsiku loyamba anayang'ana ming'alu ija n'kunena molimba mtima kuti ntchitoyo ndi yaing'ono: kukanda simenti yolimba, kumata, basi.

Michelle anakana. Anafotokoza kuti kumata pamwamba kungangobisa dzimbiri, ndipo m'nyengo yozizira konkire angasweke koposa. Panafunika kutsitsa chigawo chilichonse cha khomalo, kuchotsa galasi limodzilimodzi, n'kuumba mwatsopano. Analankhula mwaulemu, koma a Laison anabwerera kunyumba nkhope ili yolemera.

A Liness anawapeza atakhala pasofa, nsapato osavula.

"Bambo a Tiwa, kwagwanji?"

"Ndamanga nyumba zosawerengeka ine. Lero ndiziuzidwa za simenti?"

"Ine ndinabwera kuno ndili sisita wa wodi yonse," anatero a Liness akuvula jekete. "Anandiyambitsa ndi kuyala mabedi. Ndinayala. Lero amene akuwatrena manesi atsopano ndani? Ku Zomba kulibe chisanu chosweka nacho khoma. Pitani mukaphunzire."

Anapita. Anaphunzira kujambula malo a chibenthu chilichonse asanachichotse, kuti chidzabwerere pomwe mwini wake anachiika. Anaphunzira kuswa galasi latsopano ndi kahamala kakuthwa, n'kulibenthula m'mphepete kuti kuwala kuzithyoka polowa. Magalasi ambiri anawaphwanya. Zala zinachekeka, ndipo a Liness ankawamanga mabala akung'ung'udza kuti shifiti yawo sikutha. Chigawo choyamba chimene anaumba okha chinapindika pouma, anachigumula n'kuyambanso. Chachiwiri Michelle anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitanitsa anthu oti achikweze.

Pa ntchito ya chikombole, bokosi la matabwa lothiramo konkire, a Laison sanafunike kuphunzitsidwa. Michelle anawasiyira mbali imeneyo yonse. Anafunafuna matabwa okhala ndi mizere yofanana ndi ya akale aja, kuti konkire watsopano asachite manyazi pafupi ndi mnzake.

Tsiku lochotsa matabwa otchinga linali Loweruka m'mawa, kunja kuli mitambo. Anthu anali ochepa: ansembe, Michelle, banja la a Kamwendo, ndi a Thomas, nkhalamba yomwe inagwira ntchito m'fakitale ya magalimoto n'kukwatira m'tchalitchi momwemo chitangotsegulidwa. Dzuwa silinatuluke, komabe khoma linayaka. Kufiira kunatsika mpaka pa guwa, kuwala kwabuluu kunafika pa mabenchi akutali.

A Thomas anayenda ndi ndodo yawo mpaka pakhoma. Anafunsa kuti zigawo zatsopano ndi ziti. A Laison anawapempha kuti aloze okha. Nkhalambayo inaloza kawiri, ndipo konseko inaphonya. Kenako inagwira dzanja la a Laison ndi manja onse awiri.

Zitatero, a Laison anabwerera ku ntchito yawo. Anasesa fumbi, anatsuka zida, n'kuziika m'galimoto la Michelle. Ali pomwepo Michelle anawafunsa ngati angalole kugwira naye ntchito masiku onse. Panali sunagoge wina wa Ayuda, womangidwa zaka zomwezo, kumpoto kwa England, amene mawindo ake analinso kugwa, ndiponso matchalitchi ena angapo akudikira.

Anasiya ntchito ya mu supamaketi mwezi wotsatira. Ku sunagoge kuja anawapatsa kachipewa kakang'ono koti azivala akalowa m'kati, ndipo anagwira ntchito atakavala mpaka kumaliza. Masiku ano amachoka Lolemba, kubwera Lachisanu, zovala zili mbuu ndi fumbi. Lamulungu amakhala pa benchi yapafupi ndi khomo, chifukwa ndi iwo amene amalandira alendo. Mlendo akafunsa za khomalo, amamuuza za amisiri amene analimanga poyamba, za antchito a m'fakitale amene ankadzaza mabenchi, ndiponso za chisanu ndi dzimbiri. Za iwo eni sanena. Amene amanena zimenezo ndi a Liness, mokweza, mlendoyo asanafike n'kufunsa komwe.