Kompyuta Yomwalira ndi Dzanja la Achimwene

Ofesi yathu inalengeza, pa chikalata chachidindo, kuti makompyuta akale a m'chipinda chosungira katundu amwalira. Komiti inakumana kuti itsimikize za imfayo, kenako inalola ogwira ntchito kutenga mitemboyo, bola asadzabwere kudzadandaula.

Adalaivala anatenga imodzi. Ndi bambo wofatsa, amene wakalambira pa chiwongolero akudikira mabwana kunja kwa misonkhano yokonza misonkhano ina. Kudikirako ndiye sukulu yawo: amaonera pa foni mavidiyo a anthu okonza zinthu.

Kompyutayo sanaitengere ana. Akulu awo, omwe kale anali makaniko, anadwala sitiroko ndipo amakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yawo. Dzanja lamanja linafooka. Achipatala anawapatsa kampira koti azifinya, koma iwo anakaponyera pansi pa bedi.

"Ine si mwana wa mkaka," anatero, mawu akutuluka mokoka.

Anesi anali atanena mosapsatira: dzanjalo likangokhala, liuma.

Adalaivala anakumbukira kuti ali anyamata ankathera masana pa kashopu ka magemu, akumenyanitsa tianthu tiwiri pa sikirini, ndipo mkuluyo sankagonja. Choncho anapukuta fumbi m'kompyutamo, naikamo pulogalamu yomwe imaipusitsa kuti izidziona ngati makina a magemu akale aja. Malemuwo anadzuka osavuta. Anaiika pabalaza, pomwe imasunganso zithunzi za banja lonse, ndipo kwa akulu awo anapititsako laputopu yothyoka chivindikiro, kuti gemuyo izichokera pabalaza kudzera pa wayifayi.

Apa ndiye panagona nkhani. Kanthu ka pa sikirini kakati kaponye chibakera, chithunzi chinkaima ngati chikudikira siginecha.

Anakafunsa kwa mayi wogulitsa mawaya kumsika.

"Rauta yanu, kabokosi ka wayifayi kaja, ili pati, bambo?"

"M'kabati, pamodzi ndi makapu a alendo."

"Yotsekera?"

"Ndi kiyi. Mayi a kunyumba anaifunditsanso kansalu koluka."

"Ndiye mukufuna ilankhule bwanji mutaitseka pakamwa? Ikhale pamwamba, poyera. Koma khoma ndi khoma, bambo. Kokani waya. Mphepo imanama, waya sanama."

Kutulutsa rauta m'kabati kunafuna zokambirana zoposa za komiti ija.

"Chinthu chodula chikhale pambalambanda ngati tsache?" anafunsa mayi a kunyumba. "Ndipo chikompyuta chanucho ndizichizimitsa ndikamachoka. Chimalira ngati chili ndi chifuwa."

"Mukazimitsa, alamu anu kuseriko atsala mumdima."

Mayiwo analolera, nati, "Kansaluko kokha kakhale pansi pa rautayo. Isakhale ngati yamasiye."

Waya wabuluu unadutsa pawindo la kukhitchini, m'mphepete mwa denga, pamwamba pa chingwe choyanikira, mpaka m'kanyumbamo. Adalaivala anaika kachipangizo ka mabatani pamiyendo pa akulu awo. Mkuluyo anayang'ana kukhoma. Nyimbo ya gemuyo italira, yopyapyala ngati ya wotchi, anatembenuka.

"Iwe," anatero, "ukadali mbuli pa imeneyi?"

"Yesani muone, achimwene."

Dzanja lamanzere linagwira msanga. Lamanja linangogona pa mabatani ngati mlendo. Adalaivala ankayendetsa kanthu kawo mwaulesi, kukapereka dala kuti kamenyedwe, ndipo chala chachikulu cha mkuluyo chinagwedezeka, n'kudina. Chibakera chinafika.

Anesi atamva, anavomereza, koma anawapatsa malangizo kumbali: "Muziwalola apambane. Mtima ukakondwa, dzanja limatsatira."

Ndiye Adalaivala ankagonja madzulo alionse, mwaluso, akudziguguda pachifuwa ngati zawapweteka. Mkuluyo sanapusitsike nthawi yaitali.

"Ukundinyengerera ngati bwana wako," anatero tsiku lina. "Sewera ngati mwamuna."

"Chirani kaye. Tsiku lomwe mudzamange nokha mabatani a malaya, ndidzakukunthani mpaka mudzaitane alamu anu."

Lonjezo limeneli analibwereza kwa anesi, kwa mayi a kunyumba, ngakhale kwa ife ku ofesi, kufikira tinatopa nalo. Masiku ano, wina akagula rauta, amapita kwa Adalaivala, ndipo iwo amayamba ndi funso la kabati.

Mwezi wathawu mkuluyo anatuluka m'kanyumba kake atamanga yekha malaya, batani limodzi litalowa pabowo la linzake. Kuyambira tsiku limenelo Adalaivala anasiya kugonja dala. Koma sanawagonjetsebe akulu awo.