Anamafunso ndi Mwala Woyandama

Tsiku limene Anamafunso anafunsa munthu wabwinobwino ngati mwala umayandama pamadzi, anamwino anzawo anaseka mpaka kugwira nthiti. Bamboyo sanali wodwala. Anali wokonza mabedi, ndipo anangogona pa bedi lopanda munthu kuti amve ngati lasiya kulira.

"Asisitala," anatero akudzuka, "ine ndabwerera mawilo."

Dzina lawo lenileni linathera pomwepo, n'kukhala Anamafunso.

Mayiwa ndi namwino m'chipinda cha odwala mwakayakaya, momwe makina salekeza kulira. Amati m'chipindamo mutu wa munthu umatha kusokonekera mwakachetechete, osakuwa, osazula machubu. Ndiye m'mawa uliwonse amagwira dzanja la wodwala n'kuyamba: "Muli kuti pano? M'nyanja muli nsomba? Mwala umayandama?" Anzawo ena amati n'kuvutitsa anthu otopa kale. Iwo amangoti, "Nanga mutu si chiwalo?" Akuti ngakhale amuna awo akachedwa kuyankha moni amafunsidwa za nsomba, koma izi tangomva.

Mwezi watha anagonekedwa mmenemo aneba awo atachitidwa opaleshoni ya m'mimba, kondakitala wopuma pantchito amene akamanong'ona agalu a mzere wonse amauwa. Anamwino anamukonda.

"Wodwala wofatsa ngati ameneyu sitinamuonepo," anatero mmodzi.

Anamafunso anakayikira. Wofatsa? Munthu wokangana ndi wailesi?

Anakoka mpando. "Achimwene, mwala umayandama pamadzi?"

"Kwambiri," anayankha kondakitala mwaulemu, maso ali kudenga.

"Ine ndine ndani?"

"Mwalipira kale, mayi. Khalani kumbuyo."

Anamafunso sanaseke. Anaitana adokotala, ndipo adokotala atapima anapeza kuti bala layamba mafinya mkati, ndipo n'zimene zinkamusokoneza mutu. Anasintha mankhwala. Anamafunso anatsegula makatani kuti kuwale, anamuveka magalasi ake, nauza akazi ake kuti azimukumbutsa tsiku ndi malo nthawi iliyonse akabwera.

Pasanathe sabata, mawu anamveka mpaka kukhonde: "Ndani wandipatsa tiyi wozizira? Ndipo mafunso a ana a mkakawa muziwafunsa amuna anu!"

Anamafunso anatuluka akumwetulira.

Pano kondakitala ali kunyumba, wayambiranso kulalatira wailesi. Dzulo akazi ake anasuzumira pampanda, zovala zonyowa zili paphewa, nati kwa Anamafunso:

"Anzanga, munachita bwino, sindikukana. Koma mukanandisiyirako kaye masiku awiri, makutuwa apumeko."