Mapu a Dimba la Amalume

M'chaka changa chachiwiri pa sukulu ya uphunzitsi, aliyense wa ife anapatsidwa ntchito yokachita pa tchuthi cha m'chilimwe: kusankha nkhani imodzi yovutitsa anthu kwawo, kuifufuza, ndi kulemba pepala la masamba osachepera khumi. Anzanga ambiri anasankha nkhani zosapweteka munthu, monga ukhondo wa pa zitsime. Ine ndinasankha malimidwe.

Malimidwe anali malamulo a boma la atsamunda onena za kuteteza nthaka. Munthu anayenera kulima mizere yopingasa phiri m'malo mwa matuto amene makolo athu ankaunda, ndipo kulima m'mbali mwa mtsinje kunali koletsedwa. Wolakwa ankamutengera kubwalo, ndipo nthawi zina akapitawo a boma ankamuzulira mbewu mwini wake akuona. Kwathu ku Mlangeni anthu ankatchula mawu amenewa ngati akulavula. Komabe ine ndinali nditaona zigwembe zikukula chaka ndi chaka, madzi ofiira akukokolola nthaka yathu kutsikira nayo kuchigwa. Sindinkadziwa mbali yoima, ndipo ndinaganiza kuti kulemba kudzandithandiza kuidziwa.

Bambo anga anapita kumigodi ya ku Joni ndili wakhanda ndipo sanabwerere, choncho amene anandilera ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Iwonso anagwirako ntchito kumigodi, nabwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala. Nditawafotokozera za pepalalo, anayang'ana kope langa kwa kanthawi.

"Ndiye kuti azungu akutuma iwe kudzafunsa ngati tikukondwa?"

"Ayi, amalume. Ndikufuna kulemba zoona zokhazokha."

"Zoona zili kutali, mphwanga. Nsapato zakozo uzisiye, mawa tipite."

M'mawa mwake tinadutsa kaye munda wawo wa kumsewu, umene mizere yake inali yopingasa bwino monga lamulo linkafunira. "Uwu ndi munda wa boma," anatero. "Ndimaulima kuti maso a akapitawo akhute." Kenako tinakwera chitunda, tinapatuka pa mwala waukulu wong'aluka pakati, ndi kutsikira m'khwawa momwe munalibe njira yooneka. Pansi pake, m'mbali mwa kamtsinje, panali dimba. Panali matuto a kachewere ndi nyemba, ndiponso chimanga chongomera kumene, chobzala mvula isanagwe kuti chidzapse nkhokwe zikadzayamba kupepuka. Pa gombe anasiyapo bango osadula, ndipo anabzalapo nthochi mondondozana.

"Chaka cha njala chija unadya za pano," anandiuza. "Iwe, mayi ako, ndi ana a kwa mng'ono wanga. Tsono tayang'ana madziwa. Afiira?"

Madziwo anali oyera, mchenga wapansi ukuoneka. Ndinalemba zonse, chifukwa ndinaona kuti ndapeza mutu wa pepala langa: anthu athu amadziwa kusunga nthaka, ndipo boma likanachita bwino kuwafunsa kusiyana ndi kuwamanga. Amalume sanandiuze kuti ndisaulule za malowo. Kwathu munthu sachenjeza mphwa wake pa zoterezi, pakuti munda wa malume ndi wa mphwa yemwe.

Mphunzitsi wathu anali mzungu wa mishoni, munthu woleza mtima, wodziwa chinenero chathu. Pepala langa loyamba linabwerera lili ndi inki yofiira m'mphepete monse. Paliponse pamene ndinalemba kuti "anthu ena amati", iye anafunsa kuti anthuwo ndani, ndipo ali kuti. Atandiitana, anandiuza kuti mfundo yanga inali yamphamvu koma inalibe poponda.

"Wofufuza salemba mphekesera," anatero. "Dimba limeneli ukalisiya m'malere chonchi, wowerenga adzati walipeka."

Mawu akuti kupeka anandiwawa. Ndinabwerezanso pepalalo mosamala kwambiri. Dzina la amalume sindinalembe. Ndinangoti "mlimi wina wachikulire", ndipo ndinadziona wochenjera. Koma pa tsamba lomaliza ndinajambula mapu, monga tinaphunzirira m'kalasi: msewu, chitunda, mwala wong'aluka, khwawa, kamtsinje, ndi muvi woloza kumpoto. Ndinatha masana awiri ndikuwakongoletsa ndi pensulo zamitundu.

Patapita milungu iwiri, mphunzitsiyo anandiimitsa pakhonde la kalasi, nkhope ili yowala. Anati pepala langa linaposa onse, ndipo analitumiza kwa mkulu woyang'anira malimidwe kuboma kwathu, amene anali mnzake. "Ayenera kuliwerenga," anatero. "Mwina malamulowa angafewe."

Ndinayankha kuti, "Zikomo, bwana." Choyamba kubwera mumtima mwanga chinali chimwemwe, ndipo ichi sindingachibise. Mantha anadza pambuyo, ndili pa mzere wolandira chakudya. Apo mpamene ndinakumbukira mapu aja. Nthawi yolembera kalata kumudzi inalipo, ndipo pepala ndi envulopu ndinali nazo. Koma kalatayo inayenera kuyamba ndi kuvomera chimene ndinachita, ndipo dzanja langa linakana. Ndinadziuza kuti munthu wophunzira akawerenga za madzi oyera aja adzamvetsa. Masiku anapita ndikudziuza zomwezo.

Kalata imene inabwera inali ya amayi, yolembedwa ndi mkulu wa mpingo wathu popeza iwo sankadziwa kulemba. Inati akapitawo anayi anafika m'mudzi, ndipo sanafunse njira kwa munthu aliyense. Mmodzi anali ndi pepala m'manja. Anapatuka pamwala paja ngati anabadwira komweko. Chimanga chinali chitayamba kumasula. Anachizula chonse, naphwasula matuto. Amalume anawatengera kubwalo, ndipo anakhala m'ndende milungu ingapo. Kalatayo sinanditchule konse. Inangomaliza ndi kunena kuti chifuwa cha amalume chakula, ndizipemphera.

Ndinaionetsa kwa mphunzitsi uja. Anaiwerenga kawiri, nakhala pansi, nanena kuti sanaganize kuti zingafike pamenepo. Analembera mnzakeyo, ndipo yankho linali lakuti pepalalo linali ndi mfundo zabwino, koma lamulo likadalipo. Sindinathe kumukwiyira mokwanira, pakuti iye anapempha umboni, koma mwala wong'aluka ndinaujambula ndine.

Ndinafika kumudzi pa tchuthi cha Khirisimasi, mvula itagwa kale. Amalume ndinawapeza pakhonde akusema mpini, mutu uli wometedwa mpala monga ankachitira kundende, khosi litaonda. Ndinakhala pansi chapatali pang'ono.

"Mwafika, aphunzitsi," anatero. Chibadwire changa anali asananditchulepo motero.

"Amalume, mapu aja ndinajambula ndine."

"Ndikudziwa. Kapitawo anandionetsa. Dzanja lako ndi labwino, ndi mng'alu wa mwala womwe unalipo."

"Ndinkafuna aone kuti inu mumadziwa kusunga nthaka kuposa iwo."

"Aona tsono." Anatsokomola kwa nthawi yaitali, napukuta pakamwa. "Unalembamo kuti madzi anali oyera?"

"Ndinalembamo."

"Upite ukawaone. Njira ukuidziwa."

Sanakweze mawu, ndipo sanandithamangitse. Ndikanakonda akanandilalatira. Ndinapita ndekha masana omwewo. Dothi la matuto ophwasuka aja linasiyidwa lofewa ndi lopanda chophimba, ndipo mvula yoyamba inalikokolola. Pakati pa dimba panali patayamba kachigwembe, madzi ofiira akudutsamo. Nthochi zokha ndizo zinatsala. Ndinaima pamenepo ndili ndi kope m'thumba, ndipo ndinazindikira kuti chimene ndinkaonacho chinali umboni woposa wonse wa m'pepala langa. Kopelo sindinalitulutse.

Pobwerera ndinapeza amayi akuotcha mondokwa kuseri kwa nyumba. Chimanga cha m'minda chinali chisanafike ndi m'mawondo momwe, ndipo dimba lathu kunalibenso. Chotero ndinadziwa kuti wina m'mudzimo anali ndi lake kukhwawa lina, ndipo anatigawirako chifukwa cha tsoka lathu. Amayi anandipatsa chimodzi pa mbale. Azimayi awiri amene ankacheza nawo anasiya nkhani imene anali kukamba, nayamba kundifunsa za ulendo.

Iwo atachoka ndinafunsa motsitsa mawu, ndikungofuna kudziwa woti ndikamuthokoze: "Amayi, chimangachi chachokera kwa yani?"

Anatembenuza china pamakala, osandiyang'ana.

"Idya, mwanawe," anatero. "Chizizira."

Ndinadya. Ndinamaliza sukulu chaka chotsatira, ndipo ndinaphunzitsa zaka zambiri kufupi ndi kwathu. Malamulo a malimidwe anatha, amalume anamwalira ndi chifuwa chija, ndipo anthu a m'mudzi ankabwera kwa ine kuti ndiwalembere makalata opita ku Joni ndi kuwawerengera mayankho ake. Mondokwa ankanditumizira chaka chilichonse, nthawi yake isanakwane. Kumene ankalima sanandionetseko, ndipo ine sindinafunsenso.